Tikiti ya nthochi za Mulungu

Ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha, chifukwa munazimva kale kwa azakhali anu ndipo mulibe zambiri: sukulu ya pamudzi ku Ntchisi, mbuzi za bambo, ndi chifuwa chimene chinkandigwira chaka chilichonse. Ndiyambira pa ntchito. Tsopano ndinapuma, ndimangokhala pakhonde kuno ku Salisbury Lines, ndipo mlongo wanu wamng'ono wandikakamiza kuti ndilembe ndisanayambe kusokoneza mayina. Pamene ndalakwitsa, mayi anu alipo, adzakonza monga amachitira nthawi zonse.

Chaka choyamba, ku Zolozolo

Ndinafika mu Mzuzu ndi kachikwama kamodzi ndi juzi yobwereka. Amalume anga, amene anali mesenjala mu tawuni muno, ndiwo anamva kuti kukufunika anyamata odula matikiti m'misika. Ntchito yake inali yosavuta kuifotokoza. Aliyense woyala malonda mkati mwa msika, kaya pabenchi kaya pansi, amapereka msonkho wa tsikulo, iwe n'kumung'ambira tikiti. Dzuwa likapendeka umakapereka zonse kwa kapitawo. Ananditumiza ku kamsika ka ku Zolozolo, kumene kapitawo wake anali a Mhango, bambo wamtali wofatsa amene sankathamanga ngakhale mvula igwe bwanji. Tsiku loyamba anandilangiza zonse m'Chichewa chawo chokoka, kenako n'kundifunsa kuti, "Mwapulika?" Ine Chitumbuka sindinkachidziwa. Ndinagwira kumbuyo kwa buluku langa poganiza kuti msoko waphulika. A Mhango anaseka mpaka kutsamira chipupa, n'kundiuza kuti kuno kupulika ndi kumva. Nkhaniyo inafika kwa amayi ogulitsa tomato ine ndisanafikeko.

Zosowa zinali zambiri. Anatilonjeza majasi a mvula ndi jombo, koma chaka chinatha tikuyenda ndi nsapato zathu m'matope. Inu mukuidziwa mvula ya kuno, ija yowaza ngati ufa imene simaoneka koma imalowa mpaka m'mafupa. Matikiti ndinkawasunga m'jumbo ya shuga mkati mwa malaya kuti asanyowe. Nthawi zina matikitiwo ankatha ku ofesi, ndipo a Mhango ankati, "Palibe tikiti, palibe msonkho. Tengani tsache mukathandize kusesa." Malipiro akachedwa ndinkakhalira chinangwa chootcha ndi madzi. Koma chimene chinkandivuta kwenikweni sichinali njala. Kwathu anandilera kuti munthu wamkulu sumamuyang'ana m'maso, ndipo sumayamba ndiwe kumupempha kanthu. Tsopano ntchito inkafuna kuti ndiime pamaso pa amayi a msinkhu wa mayi anga n'kutambasula dzanja. Choncho ndinkanjuta, kupereka moni, kufunsa za ana, kufunsa za mwendo umene unkapweteka dzulo, kenako ndi mawu apansi n'kutchula za tikiti. Anzanga ankamaliza mizere yawo ine ndikadali pakati.

Popeza ndine wamfupi, amayiwo anandipatsa dzina. Anakumbukira wamsonkho wamfupi wa m'Malemba amene anakwera mumkuyu kuti aone Ambuye, ndipo ine ndinasanduka a Mumkuyu. Ndikangotulukira pachipata ankakuwa kuti, "Tsikani, a Mumkuyu, lero mudya kwathu!" Ndinkaseka nawo, chifukwa sindinkadziwa china chochita.

Chaka chachiwiri, nyengo ya chisanu

Ndinalowa mpingo wa pafupi ndi kumene ndinkachita lendi. Amene anandikokera mu kwaya anali a Gondwe, telala wa pakhonde la golosale ina, munthu wa nthabwala amene ankatsogolera nyimbo ndi tepi yoyezera ili m'khosi. Ku tchalitchi ndinkapezako mtendere, kupatula masiku amene ankawerenga ndime zotchula amisonkho pamodzi ndi ochimwa. Mitu inkatembenuka, anyamata a kwaya n'kumandigunda ndi chigongono. Iwo ankaona ngati masewera, koma ine ndinkapita nazo kunyumba. Bambo anga ankasimba mmene amuna akale ankathawira kumapiri akamva kuti a msonkho afika, ndipo kwathu mawuwo sankatchulidwa mokoma. Ndinkadzifunsa ngati munthu angadye ndalama ya ntchito imeneyi n'kukhalabe woyera pa Mgonero wa Ambuye. Kufunsa abusa ndinkachita manyazi.

Mu kwayamo ndi mmene ndinaonera mayi anu, Jesi. Jesi ankaphunzira kusoka kwa a Gondwe, ndipo mawu ake oyamba kwa ine anali ondiseka. Ndinagunda benchi ndi bondo n'kunena kuti pepani, iye n'kufunsa kuti, "Kodi inu mumapepesa ndi mabenchi omwe?" Zinatenga miyezi kuti ndimuyankhe chiganizo chathunthu. Makolo ake anali ochokera ku Nkhata Bay. A Longwe, agogo anu aamuna, anali msodzi mpaka msana unawakana, ndipo anabwera mu tawuni n'kupeza ntchito yophika pa sukulu ina kuti ana awo aphunzire. Anali mkulu wa mpingo, wosalankhula zambiri. Agogo anu aakazi, NyaManda, ndiwo ankatsogolera amayi a mpingo, ndipo akayamba kupemphera ngakhale odutsa pamsewu ankavula zipewa.

Jesi atandilola, panafunika thenga, munthu wokanena mawu anga kwa makolo monga amachitira kuno. Ndinapempha a Gondwe. Anapita atavala jekete, ndipo anabwerako akukanda m'mutu. Anati, "Sanakane, koma sanavomere. Adada akuti amva, koma akuoneni kaye mpaka vuna ipite." Vuna ndi masika m'chinenero cha kuno. Ndinafunsa chimene akufuna kuona. A Gondwe anati, "Ameneyo ndi msodzi, amadziwa kudikira. Inu muzingoyenda bwino, musaponde nkhuku ya munthu." Kuyambira pamenepo NyaManda ndinayamba kuwapatsa ulemu wa apongozi. Ndikawaona patsogolo ndinkapatuka panjira, n'kunjuta kumbali mpaka adutse.

Chaka chachitatu, mwezi wa masika

A Mhango anapuma ntchito, ndipo m'malo mwawo munabwera a Kachingwe ochokera ku Zomba, ovala tayi ngakhale pamatope. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Anapeza kuti ena mwa ife ankadumpha abale awo podula matikiti, ndipo anaika lamulo lakuti wopezeka akugulitsa wopanda tikiti katundu wake apita ku ofesi, wodula matikiti wa mzere umenewo n'kupita kwawo. Sanali kuopseza chabe. Mnzathu wina anachotsedwa chifukwa cha mlongo wake wogulitsa mandasi.

Tsopano mumve mwambo umene unalipo. Lamulungu la masika Akhristu amabwera ndi zokolola zawo kutsogolo kwa guwa: chimanga, nyemba, mbatata, nkhuku, mikoko ya nthochi. Abusa amazipempherera, ndipo zina zimagulidwa pomwepo. Zotsala amayi a mpingo ankazisenza Lolemba kupita nazo kumsika, ndalama yake n'kuthandizira amasiye ndi denga la tchalitchi. Nthawi ya a Mhango, tikafika pamene amayiwo ayala tinkangodutsa ngati sitikuona, a Mhango n'kuvula chipewa. Palibe amene analamula zimenezo, zinkangochitika. Chaka chimenecho malo a pachipata, pamene amayiwo ankakonda kuyala, anali mu mzere wanga.

Lachisanu ndinalimba mtima n'kupita kwa a Kachingwe. Ndinaima pakhomo mpaka anandiona okha.

"Bwana, ndimati ndifunse za masika."

"Za msika zatani?"

"Ayi bwana, za masika. Zopereka za ku tchalitchi, zimene amayi abwere nazo Lolemba."

"Adzaziika pati?"

"Pansi, bwana, pafupi ndi chipata."

"Mkati kapena kunja?"

"Mkati, bwana."

Anavula magalasi. "A Chimbalanga, inenso ndine Mkhristu, chakhumi ndimapereka. Koma ndikalola Lolemba, Lachiwiri kubwera mpingo wina, ndipo pofika Loweruka mayi aliyense adzakhala atavala duku loyera akunena kuti tomato wake ndi wa Mulungu. Mphamvu yokhululukira msonkho ine ndilibe, inunso mulibe. Muwadulire."

Ndinapempha kuti tsiku limenelo andisinthe mzere. Anafunsa chifukwa, ndipo nditanena kuti ndi mpingo wanga anati, "Ndiye bwino kwambiri, inu akumverani." Za Jesi sindinathe kuzitchula.

A Gondwe nditawauza anaimitsa makina. Anati, "Dwalani. Lolemba mudzuke ndi malungo." Ndinati limenelo ndi bodza. Anati, "Ndiye lipirani nokha mwakachetechete, tikitiyo muilowetse pansi pa dengu. Bwana akadutsa aiona, amama sadziwa kanthu, inu mukwatira." Nzeru imeneyi inandikomera, chifukwa sinkakhumudwitsa aliyense. Lolemba ndinanyamuka ndi tindalama tanga m'thumba la kumanzere, nditatsimikiza kuchita zomwezo.

Amayi anafika akuimba, atavala zoyera, NyaManda ali patsogolo ndi mkoko waukulu wa nthochi pamutu. Anayala pachipata. Ine ndinayambira kumapeto ena a mzere kuti ndichedwe. Woyandikana nawo anali mayi wina wamasiye amene ankagulitsa timilu ta bonongwe wothyola m'dimba la eni. Anali asanagulitse kanthu m'mawa umenewo, komabe anamasula mfundo ya chitenje n'kundipatsa msonkho wake monga ankachitira tsiku lililonse, osadandaula. Ndikumung'ambira tikiti, ndinamva NyaManda akuuza anzawo mokweza kuti, "Musade nkhawa, wa mzere uno ndi mwana wathu. Ife satidulira." Mayi wa bonongwe uja anangoyang'ana nthochi zija, n'kuyang'ana ine, n'kupinda tikiti yake.

Pamenepo dzanja langa linakana kulowa m'thumba la kumanzere. Ndikanalowetsa tikiti pansi pa dengu, mayiyo akanaona wamsonkho akudumpha apongozi ake, ndipo msika wonse ukanadziwa kuti lamulo limagwira a bonongwe okha. Ndinaonanso kuti ndikanalowa m'banja la a Longwe ndi chinyengo, ngakhale chinali chinyengo chaulemu. Ndinanjuta patali pang'ono, ndipo popeza apongozi sungawayang'ane, ndinayang'ana mkoko wa nthochi n'kuyamba kulankhula nawo.

"Monire amama. Pepani chomene. Ndabwera ndi tikiti ya malo."

Kuimba kunaleka. NyaManda nawonso sakanandiyankha mwachindunji, choncho anatembenukira kwa mnzawo amene anakhala pambali pawo.

"Muuzeni mwana uyu kuti izi ndi za masika, si za msika."

Ndinayankha nthochi zija kuti, "Amama, dzulo ku tchalitchi zinali za masika. Lero zagona pa dothi la msika."

Mayi wina anawomba m'manja. Wina anati, "A Mumkuyu akwera mtengo wolakwika lero!" Ogulitsa nsomba anasiya mabenchi awo kudzaonerera.

"Mufunseni," anatero NyaManda, "ngati kwawo ku Ntchisi Mulungu amamudulira tikiti."

"Amama, Mulungu sindingamudulire. Ndikudulira malo amene mwakhalapo. Amayi a bonongwe awa apereka, ndipo ine sindingadumphe."

Ndinang'amba tikiti, n'kuiika pansi ndi manja awiri, n'kuipsinja ndi kamwala kuti isauluke. Kenako NyaManda anamasula mfundo ya chitenje chawo, n'kuika ndalama padothi, osati m'manja mwanga. Anauza mnzawo uja kuti, "Za Mulungu sizichoka m'dengu umu. Izi ndi zanga za kuchigayo. Ndipo akawauze a Gondwe kuti asunge nsapato zawo, zisathere panjira ya kwathu."

Ndinatola ndalamayo, n'kunena kuti yewo, ndiye kuti zikomo m'chinenero cha kuno, n'kupitiriza mzere. Mmene ndinaumalizira sindikukumbuka.

Sabata yomweyo

Jesi sanabwere kokonzekera nyimbo. Lachitatu mkulu wina wa mpingo anadzandiuza kuti ndikufunika ku bwalo la akulu ampingo Loweruka masana. A Gondwe sanandinyoze, anangoti, "Munthu ndinamupatsa njira ziwiri, iye n'kupanga yachitatu yodutsa paminga." Ndinaganiza zosiya ntchito, kuti mwina ndikapita kubwalo ndili wopanda matikiti m'manja andikhululukira. Koma ndikanamudyetsa chiyani mwana wa eni? Ndiponso kusiya kukanakhala kuvomera kuti ndinachimwa, pamene ine, ngakhale ndinali ndi mantha, sindinkaona tchimo langa.

Lachisanu ndinakumana ndi Jesi pa mpopi. Sanatule ndowa. Anati, "Amama akulankhula kuyambira Lolemba, ngakhale nkhuku zathawa pakhomo. Amenewo sindikuwaopa. Adada ndiwo ali chete, ndipo adada akakhala chete palibe amadziwa." Ndinafunsa ngati iye wandikwiyira. Anati, "Ndikanakwiya ndikanatunga ku mpopi wina. Mawa musavale juzi ija yobooka pachigongono."

Loweruka, m'kachipinda ka kuseri kwa guwa

Anandikhazika pa benchi la ana a Sande sukulu, akulu ampingo atakhala mozungulira, abusa pakati. A Longwe anakhala pakona, chipewa chili pabondo. Woyamba kulankhula anali a Nyirenda, mphunzitsi wamkulu wopuma, munthu wodziwa Malemba amene ndinkamulemekeza kwambiri. Anati chinthu chikapemphereredwa paguwa chachoka m'manja mwa anthu, ndipo boma lilibe gawo pa icho. Anati mwana wa mpingo wachititsa manyazi amayi ake pamaso pa ogulitsa nsomba, choncho ayambe waima pa Mgonero mpaka atalapa. Mkulu wina anayankha kuti Ambuye mwini, ataonetsedwa ndalama yokhala ndi nkhope ya mfumu ya Aroma, analamula kuti mfumu ipatsidwe zake ndipo Mulungu apatsidwe zake, komanso kuti atumwi anatiphunzitsa kumvera olamulira ndi kupereka msonkho. A Nyirenda anati, "Atumwi omwewo ataletsedwa kulalikira anasankha kumvera Mulungu, osati anthu." Anakangana nthawi yaitali, wina Chitumbuka, wina Chichewa, pena Chingerezi, ine ndikungoyang'ana nsapato zanga. Abusa anati, "Zonse ziwiri zinalembedwa. Chimene tikufuna kudziwa ndi chakuti nkhani ya Lolemba ili mbali iti. Kodi boma linatiletsa kupemphera, kapena linatiuza kuti tilipire malo?"

Apo ndi pamene a Longwe anakweza dzanja. Anapempha kuti andifunse okha.

"Mwana wanga, munawadulira amayi mopitirira mtengo wake?"

"Ayi, adada."

"Mayi wa bonongwe ndi akazi anga, tikiti yawo inali yosiyana?"

"Inali imodzimodzi, adada."

"Bwana wanu akadzakuuzani kuti mudule kawiri, ina ikhale yake, mudzatani?"

"Ndidzakana, adada."

"Inu? Mudzakana inu? Tsiku lina kwa a Gondwe anakupatsani tiyi wothira mchere m'malo mwa shuga, inu munamwa yense n'kuthokoza. Nkhaniyo inandipeza."

Akulu anaseka. Ine ndinati, "Tiyi anali wanga, adada. Ndikamwa ndavutika ndekha. Koma tikiti si yanga."

A Longwe anatembenuza chipewa chawo. Kenako anayang'ana anzawo. "Abale, paja okhometsa msonkho wa kachisi atabwera, Ambuye sanakangane nawo, ngakhale anali Mwana wa mwini nyumba. Anatuma wophunzira wake kukawedza, ndalama n'kupezeka m'kamwa mwa nsomba. Ine ndawedza kuyambira ndili mwana mpaka msana unandikana. Ndatumbula batala, ndatumbula kampango, sindinapezemo ngakhale tambala. Choncho ife a mpingo uno tilibe nsomba yotilipirira. Tizitenga m'dengu momwemo. Ngati Ambuye sanachite manyazi kupereka, nthochi zathu zisadzikweze kuposa Iye."

Ngakhale a Nyirenda anabisa pakamwa ndi dzanja. A Longwe anapitiriza. "Tsopano ndinene za kunyumba kwanga, popeza nonse mukudziwa kale. Mnyamata uyu atatuma thenga, ntchito yake sindinaione vuto. Chimene chinandiopsa ndi chakuti amati yewo kwa aliyense. Ndinati, mwana wanga akadzavutika, kapena wina akadzabwera kudzalanda zawo, munthu uyu adzatha kutsegula pakamwa? Ndiye ndinati ndidikire ndione. Lolemba wanena ayi kwa NyaManda, pagulu, ali chonjuta. Ine ndakhala nawo mayi amenewa kuyambira tsitsi langa lili lakuda, ndipo sindinayesepo."

Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka, abusa omwe mpaka kupukuta misozi. Atakhazikika, anagamula kuti palibe mlandu. Ndalama ya NyaManda ibwezedwe kuchokera m'zogulitsa, ndipo kuyambira chaka chimenecho mpingo uzilipira malo ngati wina aliyense. A Nyirenda sanagonje kwathunthu. Anati ngati tikupereka, tili ndi pakamwa pofunsira, ndipo akulu apite ku ofesi akafunse chifukwa chake mpopi wa pamsika unauma pamene amayi akupereka tsiku ndi tsiku. Onse anavomera, ndipo ine mumtima ndinavomera kuposa onse, chifukwa funso limenelo amayi ankandifunsa ine.

Tikutuluka, abusa anandigwira paphewa. Anati amva kuti anyamata amandigunda ndi chigongono powerenga Mawu. Anandikumbutsa kuti amisonkho atapita kwa mlaliki wa ku mtsinje wa Yordano kukafunsa chochita, iye sanawauze kuti asiye ntchito, anangowauza kuti asatenge zopitirira zimene analamulidwa. Ndime imeneyo ndinali nditaimvapo, koma sindinkadziwa kuti ikunena za ine. Katundu amene ndinasenza zaka ziwiri anatsika pakhomo pomwepo.

A Longwe anandiperekeza mpaka pamsewu, chinthu chimene mkulu sachitira mnyamata wamba. Pofika pa mlatho waung'ono anaima n'kunena kuti, "Muwauze a Gondwe abwere Loweruka likubwerali. Koma adyeretu kwawo, chifukwa kwathu kukadali kotentha. Ndipo inu sabata ino mukaona duku loyera patsogolo, khotani." Ndinati yewo chomene, adada. Atabwerera, ndinakhala pansi pa mlathopo mpaka woyendetsa njinga wina anaima kundifunsa ngati ndadwala. Ndinamuuza kuti ayi, ndikukwatira.

Zaka zotsatira

Tinakwatirana mvula isanayambe. Mpopi wa pamsika unakonzedwa patapita nthawi yaitali, ndipo sindinganene motsimikiza kuti chinali chifukwa cha ulendo wa akulu aja, ngakhale a Nyirenda ankanena choncho mpaka imfa yawo. A Kachingwe anabwerera kummwera. Pambuyo pawo panadutsa akapitawo ambiri, abwino ndi ena. Mmodzi, amene dzina lake ndilisunga, nthawi ina matikiti atatha anatiuza kuti tizitolera ndalama popanda tikiti n'kumakamupatsa. Ndinamuuza kuti sindingathe. Sanandichotse ntchito, anangondisamutsira ku Luwinga, kumene ndinakhala zaka zambiri pakati pa ana a sukulu ya ukachenjede otsutsa mtengo wa chilichonse. Kumeneko ndi kumene inu akuluakulu munabadwira. Pomaliza anandibweza ku msika waukulu wa mu tawuni ngati kapitawo, ndipo ndinapumira komweko. Anyamata atsopano ndinkawauza zinthu ziwiri zokha: boma ulipatse zimene lalamula poyera, ndipo munthu akakuuza kuti utenge zamseri, ngakhale atavala tayi, umukanire mwaulemu.

Agogo anu aakazi sanavomerepo kuti analakwa, ndipo musayembekeze kuti nkhani ino ifika pamenepo. Chaka chilichonse pa masika ankauza aliyense wofuna kumva kuti mkamwini wawo anakhometsa msonkho nthochi za Mulungu. Ankandiphikira kondowole, nsima yawo ya chinangwa, ankalera inu, ankandipempherera ndikadwala, koma dzina langa kwa iwo linali wamsonkho, ndipo ine sindinkadziwa bwinobwino ngati mumtima mwawo anandilandira kapena ankangopirira chifukwa cha mwana wawo.

Ndinadziwa pa maliro a a Longwe. Tinawatengera kwawo ku Nkhata Bay, ndipo anthu anabwera ambiri, a mpingo, a kusukulu kumene ankaphika, asodzi anzawo akale. M'mawa wa tsiku loika, abale anayamba kukangana za amene agwire mbale ya chipepeso. A kuchimuna ankafuna wawo, a kuchikazi wawo, ndipo aliyense ankakayikira mnzake mosabisa. Ine ndinali kumbali ndikuwaza nkhuni, monga mkamwini. Mkangano utakula, mawu anatuluka m'nyumba ya siwa, osasa ndi kulira koma omveka mpaka kumsewu.

"Mukulimbana chiyani pamaliro a mwamuna wanga? Mpatseni mwana wanga wamsonkhoyo. Ameneyo ngakhale Mulungu sanamudumphe."

Mlamu wanga wamkulu anabwera n'kundilanda nkhwangwa, n'kundipatsa mbale. Ndinakhala nayo pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse, ndikulira adada, koma mtima uli m'malo.